Shuga kutsika: dokotala wa ku Guangzhou akuti ndi "pi qi xu"

Nabanda: Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu ana athu amene muli pasukulu ku China, komanso kwa inu a zachipatala. Ine ndimakaoda katundu ku Guangzhou. Ndikakhala kumeneko, cha m'ma 11 koloko m'mawa ndili m'kati mwa msika, manja amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira kumsana, mtima kuthamanga, njala yake yoopsa. Ndikamwa chakumwa chotsekemera, pakapita kanthawi ndimapeza bwino. Ulendo wathawu mtsikana amene amanditanthauzira ananditengera kwa dokotala wa mankhwala a makolo awo. Sanandibaye chala ayi. Anandigwira pamkono ndi zala zitatu, mkono uno kenako winawo, n'kundiuza kuti nditulutse lilime. Akuti lilime langa ndi lotuwa, lotupa pang'ono, m'mbali mwake mano adinda. Anandifunsanso za chimbudzi ndi za tulo. Pomaliza anati vuto ndi "pi qi xu", n'kundipatsa timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi otentha. Ndafika nato kuno, mwana wanga akuti amayi musamwe, umenewo ndi shuga kutsika basi. Matenda a shuga ndilibe. Ndiye ndimvere ndani?

Sisita Nagama: Amayi, tisanapite patali ndiyankheni izi. Panthawi yomwe mukunjenjemerayo, anakubayanipo chala n'kuyeza? Pali mapiritsi ena alionse amene mumamwa, kaya a BP, kaya ochepetsa thupi, kaya tiyi wa zitsamba? Nanga m'mawa musanatuluke ku hotela mumadya chiyani?

Nabanda: Kuyeza panthawiyo ayi. Kuchipatala kuno anandiyeza m'mawa ndisanadye, akuti ali bwino. A BP ndimamwa. M'mawa ndi tiyi wa shuga ndi buledi, nthawi zina phala lawo la mpunga lamadzimadzi lija. Zinazo mtima sufuna.

Kondwani: Kkkk amayi, imeneyo ndi njala basi. Mimba yozolowera mbatata ndi mkute mukuithira madzi a mpunga, kenako n'kuyenda msika wonse ndi zikwama. Ndalama zanu zathera pa kuonetsa lilime.

Mphatso (Nanjing): Amayi Nabanda, ine ndili m'chaka chachinayi cha udokotala kuno, ndipo phunziro la mankhwala a makolo a ku China timalichita nawo, ndiye ndiyesa kufotokoza zomwe dokotalayo ankatanthauza.

Choyamba, mabuku awo akale sakamba za shuga wa m'magazi. Buku lalikulu lomwe zonse zimachokera, Huangdi Neijing, linasonkhanitsidwa m'nthawi ya ufumu wa Han, zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo nthawi imeneyo panalibe woyeza magazi kulikonse padziko. Matenda a shuga wokwera ankawadziwa ndi zizindikiro, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudya koma n'kumaondabe, ndipo anawatcha xiao ke. Buku la Wang Tao la mu 752 linalembanso kuti mkodzo wa odwalawo umatsekemera. Koma shuga wotsika alibe mutu wakewake m'mabukumo. Zomwe amachita madokotala a masiku ano n'kutenga zizindikiro zanuzo n'kuziika m'magulu akale: chizungulire, mtima kugunda kwambiri, thukuta lotuluka lokha, kufooka kwa nthawi yaitali, ndipo munthu akakomoka amati jue kapena tuo, kutanthauza kuti mphamvu yathawa.

Tsopano pi. Ena amati ndi kapamba, koma iwo akamati pi amanena ntchito yonse yosandutsa chakudya kukhala mphamvu ndi magazi, n'kuitumiza ku manja, miyendo ndi kumutu. Aphunzitsi athu amati m'mimba ndi mphika uli pa mafuwa, pi ndiye moto wake. Moto ukachepa chakudya sichipsa, munthu amadya koma thupi sililandira. Qi ndi mphamvu, xu ndi kuchepa, ndiye pi qi xu ndiko kunena kuti mphamvu yogaya ndi kugawa chakudya yachepa. Lilime lotuwa lodindidwa ndi mano, mtsempha wogunda mofooka, kutopa, mimba kudzaza mukangodya, chimbudzi chofewa, ndizo amayang'ana. N'chifukwa chake anakufunsani za chimbudzi.

Kondwani: Ndiye aise, mwachidule dokotalayo wawauza kuti "mwafooka chifukwa mwafooka".

Mphatso (Nanjing): Kkkk pang'ono uli ndi mfundo, koma usawaderere. Anthuwa ankayang'anitsitsa odwala. Tenga Zhang Zhongjing, amene analemba cha m'ma 200. Ali ndi mankhwala otchedwa Xiao Jian Zhong Tang, a munthu wofooka, wamtima wothamanga, wopweteka m'mimba. Muli timitengo ta sinamoni, jinja, zipatso zofiira zouma zotchedwa da zao, muzu wotsekemera wa gan cao, muzu wa bai shao, koma chochuluka koposa ndi yi tang. Yi tang ndi shuga wa chimera. Amameretsa tirigu kapena balere, n'kusakaniza ndi mpunga wophika, chimeracho chimaswa mpungawo kukhala madzi otsekemera, n'kuwawiritsa mpaka achite ulimbo. Ndi zomwe zimachitika agogo akathira chimera m'phala la thobwa. Ndiye munthu wa zaka 1,800 zapitazo, wosadziwa glucose, shuga wa m'magazi uja, ankapatsa wodwala wofooka ndi wamtima wothamanga msuzi wa shuga. Chifukwa chomwe ankapereka n'chakuti kukoma kotsekemera kumalowa mu pi. Chifukwacho ukhoza kuchikana, koma zochitazo zinali pafupi ndi zoona.

Mai a Tadala: Eee zoona? Ndiye thobwa ndi mankhwala.

Sisita Nagama: Thobwa lotsekemera limathandiza ngati palibe china pafupi, koma lili ndi ufa wambiri, limachedwerapo. Ndibwererepo pa manambala chifukwa pagulu pano pali odwala shuga angapo. Kwa munthu amene ali pa mankhwala a shuga, kamakina kakaonetsa pansi pa 3.9, kapena pansi pa 70 ngati kanu ndi ka manambala akuluakulu, shuga watsika, chitanipo kanthu. Pansi pa 3.0, kapena 54, zafika poopsa. Kusintha nambala yaing'ono kupita yaikulu mumachulukitsa ndi 18. Chochita: magalamu 15 a shuga wolowa msanga. Ndiwo masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola, kapena supuni yaikulu imodzi ya uchi. Dikirani mphindi 15, yezaninso. Akadali pansi, bwerezani. Akakwera, idyani chakudya chenicheni, apo ayi atsikanso.

Koma amayi Nabanda sali pa mankhwala a shuga, ndiye nkhani yawo ndi ina. Kuti tinene kuti munthu wotero shuga wake amatsikadi, pamafunika zitatu zikumane: zizindikiro zilipo, magazi oyezedwa nthawi yomweyo akuonetsa kutsika, ndipo akalandira shuga zizindikiro zikutha. Dokotala wa ku America Allen Whipple ndiye anaziika pamodzi mu 1938. Amayi muli ndi choyamba ndi chachitatu. Chapakati mulibe. Anthu ambiri amene amabwera akuti shuga amawatsika, tikawayeza akunjenjemera timapeza ali bwinobwino, vuto n'kukhala kuchepa kwa magazi, chithokomiro, nkhawa, kutentha, kapena msinkhu wosiya msambo.

Mphatso (Nanjing): Kuonjezera pa za asisita, kuno malangizo a zipatala amati kwa munthu wopanda matenda a shuga malire ndi pansi pa 2.8, kwa wodwala shuga ndi 3.9. Ndipo anthu ambiri kwathu sadziwa kuti zipatala zikuluzikulu za mankhwala a makolo kuno zili ndi labotale, sikani, dripi, zonse. Ukafika utakomoka sakuphikira mizu, amakubaya chala n'kukuika dripi ya shuga. Zitsamba zimabwera pambuyo, ukamadandaula kuti kufookako kukungobwerabwera. Dokotala amene amayi anamuona akanatha kuwatuma kukayeza, ndipo kwa ine anayenera kutero.

Bambo Phiri (Johannesburg): Ndikhale nawo pa nkhaniyi chifukwa ine inandigwera. Ndili pa mapiritsi a shuga, metformin ndi glibenclamide. Mnzanga wa kuntchito anandigulitsa makapusozi m'botolo lolembedwa Chitchaina, akuti ndi zitsamba zokhazokha, zimachiza shuga mpaka kusiya mapiritsi. Masiku oyamba ndinasangalala, kamakina kakuonetsa manambala amene ndinali ndisanawaonepo. Tsiku lina mbandakucha akazi anga anandipeza bulangeti lanyowa ndi thukuta, ndikulankhula zosamveka, maso ali tong'o. Iwo ankaganiza sitiroko. A ambulansi atayeza anapeza 1.9. Kuchipatala anandisunga masiku awiri chifukwa dripi ikangotha shuga ankatsikanso. Adokotala anati zitsamba zokha sizingagwetse shuga chonchi, m'makapusozimo muyenera kuti muli mankhwala a kuchipatala obisika, ndipo ine ndinkawamwa pamwamba pa anga.

Nabanda: Mayo ine. Pepani abambo.

Mphatso (Nanjing): Pepani kwambiri abambo. Apa ndi pomwe pali ngozi yeniyeni, kuposa mkangano wa pi ndi qi. Pali mitundu iwiri. Wina ndi wovomerezeka. Mwachitsanzo kuno kuli timibulu totchuka ta odwala shuga totchedwa Xiaoke Wan. Muli zitsamba zingapo, koma mulinso glibenclamide, ndipo sabisa, pepala la m'bokosi limanena kuti timibulu 10 tili ndi mamiligalamu 2.5. Vuto n'lakuti amene sawerenga Chitchaina amangoona timibulu takuda tonunkha mizu n'kuganiza kuti angamwe mmene afunira. Sindikuti ndi amene munamwa inu abambo, ndikungopereka chitsanzo. Mtundu wachiwiri ndi wachinyengo, wothira mankhwala mobisa. Ku Singapore mu 2008, m'miyezi isanu yokha, anthu 150 opanda matenda a shuga anagonekedwa m'zipatala shuga atatsika koopsa. Onse kupatula mmodzi anali amuna. Anamwa mapiritsi ogulitsidwa m'misewu oonjezera mphamvu za kuchipinda, ena olembedwa kuti ndi azitsamba, koma munali glibenclamide wochuluka. Anayi anamwalira.

Kondwani: Eish. Apa abambo ambiri pagulu pano angoti ziii.

Mai a Tadala: Kkkkk awerenge ndithu, asayerekeze kuti sanaone.

Sisita Nagama: Zomwe anena bambo Phiri zoti dripi ikatha shuga amatsikanso ndi khalidwe la glibenclamide. Amakhala m'thupi nthawi yaitali akukakamiza kapamba kutulutsa insulini, makamaka kwa okalamba ndi amene impso zawo zafooka. Ndiye wachibale wanu akakomoka ali pa mankhwala amenewa, mwamupatsa Fanta wadzuka akuseka, musanene kuti zatha. Pitani naye kuchipatala. Metformin payekha kawirikawiri sagwetsa shuga, amene timawaopa ndi insulini ndi gulu la glibenclamide.

Che Amidu: Ine funso langa ndi la kutsina. Ndinaona kanema wa ku China, mayi wagwa m'basi, anthu akumutsina ndi chikhadabo pakati pa mphuno ndi mlomo. Zimathandiza?

Mphatso (Nanjing): Che Amidu, malo amenewo amatchedwa renzhong, ndipo kuno aliyense, ngakhale mwana wa sukulu, amathamangira pomwepo munthu akagwa. M'mabuku awo a kuchiza pobaya timasingano pakhungu ndi malo odzutsira wokomoka. Zoona zake n'zakuti pamapweteka, ndiye amene wangochita chizungulire amadzidzimuka. Koma ubongo womwe wasowa shuga sudzuka ndi ululu, umafuna shuga. Madokotala a zangozi kuno nawonso amachenjeza anthu za mchitidwewu, chifukwa potsinapo umakankhira mutu kutsogolo n'kupanikiza njira ya mpweya.

Sisita Nagama: Wokomoka mugonekeni cham'mbali, musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe n'kulowa m'mapapo. Ngati chipatala chili kutali, nyowetsani shuga pang'ono n'kumupaka pansi pa lilime kapena m'kati mwa tsaya uku mukusaka galimoto. Ndipo chonde, bambo akapezeka ali gone m'mbali mwa msewu akununkha kachasu, musamangoti waledzera agone. Mowa umaletsa chiwindi kupanga shuga, ndiye amene wamwa osadya akhoza kugona osadzukanso.

Nabanda: Ndajambula kapaketi kaja, Mphatso mwana wanga taona. Ndatumiza chithunzi.

Mphatso (Nanjing): Ndaona amayi. Alemba kuti Bu Zhong Yi Qi, ndi amodzi mwa mankhwala odziwika kwambiri a pi qi xu. Muli zinthu zisanu ndi zitatu: huang qi, dang shen amene amalowa m'malo mwa ginseng chifukwa ndi wotchipa, bai zhu, gan cao, dang gui, makoko ouma a nachesi, sheng ma ndi chai hu. Pa zomwe alembazi palibe mankhwala a shuga a kuchipatala.

Mbiri yake ndi yosangalatsa. Anawapanga ndi Li Dongyuan, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1180 mpaka 1251. Mu 1232 asilikali a Mongol anazinga mzinda wa Kaifeng iye ali momwemo. Asilikaliwo atachoka, anthu anayamba kufa ambirimbiri, ndipo asing'anga ankawapatsa mankhwala otulutsa thukuta ndi otsegula m'mimba, poganiza kuti matenda alowa kuchokera kunja. Li Dongyuan anatsutsa. Anati anthuwa akhala nthawi yaitali akudya mosalongosoka, akugwira ntchito yakalavulagaga ndi mantha, m'mimba mwafooka, kenako chakudya chitapezeka adya mokhutitsa kamodzin'kamodzi. Kuwatsegula m'mimba n'kuwamaliza. Akatswiri ena a mbiri masiku ano amati unali mliri, ndiye mwina sanalondole zonse. Koma kuchokera pamenepo analemba buku lake la Pi Wei Lun la mu 1249, ndipo mfundo yake ndi imodzi: njala, kudya nthawi zosadziwika ndi kutopa zimavulaza munthu kuchokera m'kati. Amayi, inu mwatsika ndege ya usiku wonse, tulo tasokonekera chifukwa China ili patsogolo ndi maola 6, mwamwa tiyi ndi buledi, mukukoka zikwama m'kutentha kwa Guangzhou. Dokotala wophunzira Li Dongyuan akangomva zimenezo, dzanja limalemba lokha mankhwala amenewa.

Koma ndili ndi nkhawa imodzi. Mwati mumamwa a BP. Gan cao akamwedwa nthawi yaitali amasunga mchere ndi madzi m'thupi, BP imakwera, potaziyamu amatsika. Ngati mapiritsi anu ndi aja okodzetsa, nawonso amatsitsa potaziyamu, ndiye ziwirizi zikakumana si bwino. Dokotala uja munamuuza za BP?

Nabanda: Sanafunse, ndipo mtsikana wotanthauzirayo ankafulumira. Anga ndi aja aang'ono okodzetsa omwewo.

Sisita Nagama: Ndiye timapaketito tisungeni kaye amayi. Tengani chithunzicho ndi mndandanda wa Mphatso mukaonetse amene amakulemberani a BP. Pemphaninso ayeze kuchuluka kwa magazi, komanso shuga patapita maola awiri mutadya, osati wa m'mawa yekha. Ndikunena chifukwa kunjenjemera kobwera maola awiri mpaka anayi munthu atadya zotsekemera nthawi zina kumakhala chiyambi cha matenda a shuga. Thupi limachedwa kutulutsa insulini, kenako limatulutsa wambiri, shuga n'kugwa. Wa m'mawa amaoneka bwino kwa zaka.

Kondwani: Ndiye tabwerera pomwe ndinayambira. Adye mbatata.

Mphatso (Nanjing): Pa chakudya mbali ziwirizi zimagwirizana kwambiri, kupatula malo amodzi. A mankhwala a makolo amati munthu wa pi yofooka adye pa nthawi yake, pang'onopang'ono koma kangapo, zofunda ndi zophika, asiye madzi a m'furiji ndi zosaphika. Amalimbikitsa chilazi chawo chotchedwa shan yao, maungu, da zao, msuzi wa nkhuku. Amanenanso kuti kutsekemera pang'ono kumalimbitsa pi koma kukachuluka kumaiononga. Apo palibe namwino angatsutse. Pomwe amasiyana ndi pa phala la mpunga. Kwa iwo ndi chakudya chabwino koposa cha wodwala chifukwa sichivuta kugaya. Koma kusavuta kugayako ndiye vuto: mpunga woyera wophikidwa mpaka kusungunuka umakweza shuga msangamsanga n'kumusiya agwe. Madokotala a shuga kuno amakangana ndi agogo tsiku ndi tsiku pa phala limeneli. Amayi mukapitanso, pa timashopu ta m'mawa pamakhala mazira owiritsa, chimanga chophika, mbatata yophika ndi nthunzi ndi mkaka wa soya wopanda shuga. Lozani zimenezo. M'chikwama muikemo mtedza.

Mai a Tadala: Nanga ginseng? Amagulitsa m'mashopu muno ngati tiyi wa mphamvu, apongozi anga amamwa ndipo ali pa insulini.

Mphatso (Nanjing): Apa pali chodabwitsa. M'mabuku akale ginseng ndiye mfumu ya mankhwala okweza qi. Munthu akafika pa tuo, thukuta lozizira, manja ozizira, mtsempha wosamveka, ankamuphikira ginseng yekha wochuluka, Du Shen Tang. Koma kafukufuku wa masiku ano, kuphatikizapo wa ku Toronto wa mu 2000 pa ginseng wa ku America, anaonetsa kuti amatsitsako shuga wa pambuyo pa chakudya. Satsitsa kwambiri, koma kwa munthu wobaya insulini pang'ono pomwepo n'pokwanira kumufikitsa pansi. Ndiye mankhwala omwe mabuku amati ndi a munthu wofooka ndi wa thukuta akhoza kuonjezera vuto ngati kufookako kwabwera ndi insulini. Apongozi anu auze a ku kiliniki kuti amamwa, ndipo aziyeza pafupipafupi. Ngati amamwanso warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ginseng ndi dang gui onse amasokoneza mankhwala amenewo.

Kondwani: Funso langa lenileni ndi ili. Alipo umboni woti mizu isanu ndi itatuyo imaletsa shuga kutsika, kapena tikungolemekeza chifukwa ndi yakale?

Sisita Nagama: Achimwene, LA amene mumamwa mukadwala malungo anachokera ku chitsamba cha ku China chomwecho, musaiwale.

Kondwani: Ndikudziwa asisita, Tu Youyou, Nobel ya 2015. Koma mayiyo sanatipatse tsamba kuti tiphike. Anatenga mfundo m'buku lakale, n'kutulutsa chinthu chimodzi chotchedwa artemisinin, chinayesedwa pa anthu zikwizikwi mpaka dziko lonse linavomereza. Ndiye ndikufunsa ngati ufa wa amayiwu unadutsa njira imeneyo.

Mphatso (Nanjing): Sunadutse. Bu Zhong Yi Qi Tang, ndi ena ofanana nawo monga Si Jun Zi Tang ndi Gui Pi Tang, onse amalembedwa kwa anthu odandaula ngati amayi, ndipo odwala ambiri amati akupeza bwino, koma sanayesedwe pa shuga wotsika mwa njira yomwe artemisinin anayesedwera pa malungo. Komanso amene wapatsidwa mankhwalawa amauzidwanso kuti adye pa nthawi, agone msanga, asiye zozizira ndi zotsekemera. Akachira, n'kovuta kudziwa ngati yamuchiza ndi mizu kapena kadzutsa. Singano za pa zusanli, pansi pa bondo chakunja kwa mwendo, ndi kuotcha chitsamba cha ai pamwamba pa khungu, nazonso n'chimodzimodzi. Maganizo anga ndi akuti njira yawoyi ili ndi luso pofunsa mmene munthu amakhalira, amadyera ndi kugonera, zomwe ife pa mzere wa anthu 80 sitimafunsa. Koma dzina loti pi qi xu limakwana anthu ambiri osiyana matenda: wochepa magazi, woyamba shuga, wa chotupa cha pa kapamba chotulutsa insulini, onse akhoza kutulutsa lilime lofanana. Lilime silingawasiyanitse.

Sisita Nagama: Popeza mwatchula malungo, kwathu kuno ndiye gwero lalikulu la shuga wotsika mwa ana ndi amayi oyembekezera. Tizilombo timadya shuga, mwana sakudya, akusanza, ndipo kwinini wa m'dripi amakankha kapamba kutulutsa insulini. Chibwerereni jakisoni wa artesunate vuto la kwininilo linachepa. Komabe mwana wa malungo akayamba kugona kwambiri kapena kukomoka, choyamba timamubaya chala.

Bambo Phiri (Johannesburg): Mphatso, ndinamva kuti zipatso za litchi nazo zimagwetsa shuga. Kuno zimadzaza m'misika nthawi ya Khirisimasi ndipo adzukulu anga amadya thumba lonse. N'zoona kapena ndi za pa WhatsApp?

Mphatso (Nanjing): N'zoona abambo. Kumwera kwa China nyengo yake ndi June ndi July, ndipo chaka chilichonse madokotala amachenjeza za lizhi bing, matenda a litchi. Akale ankati chipatsochi n'chotentha, ku Guangdong amanena kuti kuluma kamodzi ndi miyuni itatu ya moto, ndiye ankaletsa ana kudya zambiri. Chifukwa chenicheni chinadziwika bwino ku Muzaffarpur ku India, komwe ana ankakomoka mbandakucha nyengo ya litchi, ambiri n'kumwalira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti m'zipatsozo, makamaka zosapsa, muli zinthu zotchedwa hypoglycin A ndi MCPG, zomwe zimaletsa chiwindi kupanga shuga usiku. Amene ankagwidwa kwambiri ndi ana operewera zakudya amene atola zipatso m'minda tsiku lonse n'kugona osadya chamadzulo. Adzukulu anu ngati akudya zakupsa, ndipo usiku adya nsima yawo, musade nkhawa. Asamadye thumba lonse m'mimba muli mbee.

Che Amidu: Nanga ife osala? Ramadan ikafika ine ndimamwa glibenclamide m'bandakucha n'kukhala tsiku lonse.

Sisita Nagama: Che Amidu, zimenezo n'zoopsa. Pitani ku kiliniki mwezi usanayambe akakusinthireni nthawi yomwera kapena mtundu wa mankhwala, pali ena a gulu lomwelo osagwetsa kwambiri ngati gliclazide. Masana yezani, ndipo kakaonetsa pansi pa 3.9 masulani pomwepo osadikira dzuwa kulowa. A Sheikh anu akuuzani okha kuti wodwala ali ndi chilolezo. Chimodzimodzi inu a mapemphero osala kudya kuphiri.

Admin: Ndachotsa uthenga wa munthu amene amatsatsa "tiyi wa ku China wochiza shuga m'masabata awiri" ndi nambala ya foni. Pagulu pano sitigulitsa mankhwala. Akabwereza atuluka.

Mphatso (Nanjing): Zikomo a Admin. Chinthu china kwa amene munalemberedwa mankhwala a shuga ku China: kuno amakonda kupereka acarbose chifukwa anthu amadya mpunga wambiri. Ntchito yake n'kuchedwetsa kuswa shuga wa patebulo ndi sitachi m'matumbo. Ndiye ngati mumamwa acarbose pamodzi ndi insulini kapena glibenclamide ndipo shuga watsika, shuga wa mu tiyi, buledi, ngakhale yi tang uja zimachedwa kulowa. Pamafunika glucose weniweni, wa ufa kapena wa mapiritsi, amapezeka m'mafamase.

Bambo Phiri (Johannesburg): Ine chichokereni kuchipatala ndimayenda ndi maswiti m'thumba la jekete ndi botolo la Coke m'galimoto. Akazi anga akuti ndisinthe ndiziika Coke Zero chifukwa ndine wa shuga.

Sisita Nagama: Ayi abambo, auzeni amayi kuti la m'galimotolo likhale la shuga lomwelo. Coke Zero mulibe shuga, mungamwe botolo lonse muli pa 3.0 n'kukhalabe pomwepo. Ndipo musanayatse galimoto pa ulendo wautali yezani, mukapeza pansi pa 5 idyani kaye.